Mawu a m'mawa: Tiyeni kwatokha, tikapumuleko pang'ono

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu m'mawa uno akuchokera pa Marko 6:31. Atumwi anali atangobwerako kumene Yesu anawatuma, anthu ali piringupiringu, mpata woti adye n'komwe osaupeza. Yesu sanawauze kuti alimbe mtima ntchito ipitirire. Anawaitanira kwaokha, kumalo kopanda anthu, kuti akapumuleko pang'ono, ndipo ulendo wake anayenda pa ngalawa.

Ino ndi nyengo ya masika. Mvula yakata, chimanga chikuuma m'minda, m'mawa kwayamba kuchita kamphepo. Mabanja ena ndi magulu a kumpingo amakonda kukagona usiku umodzi kapena uwiri kumalo osungirako nyama zakutchire, ndipo ambiri amasankha ku Liwonde, m'mbali mwa mtsinje wa Shire, chifukwa mpofikirika: kuchokera ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 120. Ulendo wotere si uchimo, si kuwononga ndalama ayi. Koma ambiri amabwerako atatopa kuposa mmene anapitira, ndipo chifukwa chake Baibulo linachinena kale.

Pa Eksodo 16, Aisraeli ankatola mana a tsiku limodzi basi. Wosunga za mawa ankazipeza zitagwa mphutsi, zikununkha. Koma tsiku lachisanu ndi chimodzi ankatola muyeso wa masiku awiri, n'kuphikiratu, ndipo pa Sabata sizinkawonongeka. Mulungu anaika ntchito yokonzekera patsogolo pa mpumulo. Choncho ulendo wa Loweruka umayamba Lachinayi. Imbiranitu foni kumalo ogona, mufunse mtengo wolowera pachipata, nthawi yotsegula ndi yotseka, komanso ngati misewu ya mkati yauma. Funso lomalizali musaliiwale. Mbali zina za Liwonde dothi lake ndi lamakande. Mu Epulo pamwamba limaoneka louma koma pansi likadali phala, ndipo galimoto yotsika ikangolowamo ndiye yatitimira, pamalo pamene simuloledwa kutsika n'kumakankha. Mafuta thirirani m'tauni ya Liwonde musanalowe. Onani kuti tayala lapadera lili ndi mpweya, jeke ndi sipanala zilipo. Tengani chiphaso cha unzika, poti Amalawi amalipira ndalama zocheperapo kusiyana ndi alendo akunja.

Madzi akumwa akhale malita atatu pa munthu aliyense patsiku. Neti ndi mafuta othamangitsa udzudzu zisatsale, chifukwa mvula ikangotha zithaphwi zimakhala zikadalipo, ndipo malungo amayamba kuonekera patatha sabata kapena kuposerapo, munthu atabwerera kale kwawo. Zovala zabuluu ndi zakuda zimakopa kashembe. Valani zakhaki kapena zotuwa. Juzi nayo ikhalepo. Pa boti mbandakucha wa mwezi wa Meyi kamphepo ka pamadzi kamalowa mpaka m'mafupa.

Tsopano pali chimene tikufuna tichedwepo. Masika si nyengo yoona nyama mosavuta. Udzu umakhala wautali, mitengo ya tsanya ikadali ndi masamba, madzi ali paliponse, ndiye nyama sizikakamizika kubwera kumtsinje monga zimachitira mu Seputembala ndi Okutobala. Ku Liwonde mikango iliko, anaibwezeretsa mu 2018, akakwiyo mu 2017, bungwe la African Parks litayamba kuyendetsa malowa limodzi ndi boma mu 2015. Koma mutha kuzungulira tsiku lonse osaona ngakhale mchira wa mkango. Apa mpamene mtima wa munthu umaonekera. Wina amaponda moto, kuthamangira uku ndi uku, wailesi ili pamwamba, ana akulira, iye akudandaula kuti ndalama zake zapita pachabe. Wabweretsa piringupiringu wa m'tauni kutchire. Nyama zimamva injini ndi phokoso zili patali, zimangolowa m'thengo.

Wodziwa amaimika galimoto pamalo amodzi poonekera dambo, kuzimitsa injini, kutsitsa magalasi, n'kukhala chete mphindi 20. Poyamba palibe chimene amaona. Kenako chimene ankachiyesa chitsa chimagwedeza khutu, ndiye kuti ndi nakodzwe. Njiri zimatulukira michira ili njo. Nkhwazi imalira pamwamba pa mgwalangwa, mutu itauponyera kumbuyo. Zonsezi zinalipo kale, chimene chinasintha ndi munthuyo. Salmo 46:10 imatiuza kuti tikhale chete kuti tidziwe kuti Iye ndiye Mulungu, ndipo pemphero la ambirife limafanana ndi dalaivala wothamanga uja: kuyankhula kokhakokha, mofulumira, kenako kudandaula kuti Mulungu sakuyankha.

Ngati ndalama ikukwanira chinthu chimodzi chokha, sankhani boti. Pa Shire mvuu ndi ng'ona simungaziphonye nyengo iliyonse. Yobu atafunsa mafunso ake owawa, Mulungu sanamufotokozere chifukwa cha mavuto ake. Pa Yobu 40:15 anamuonetsa mvuu, yodya udzu ngati ng'ombe, yogona m'mabango, yosatekeseka mtsinje ukadzaza. Mukaiona pafupi, mphuno, maso ndi timakutu tokha tili pamwamba pa madzi, ikumira mphindi zisanu n'kutulukanso ndi kufwenthera, mudzamvetsa chifukwa chake Yobu anadzichepetsa pamaso pa Mulungu. Dzanja musaviike m'madzi. Usiku mvuu zimatuluka kukadya kumtunda, nthawi zina mpaka pafupi ndi mahema, choncho musayende nokha mumdima, ndipo musaime pakati pa mvuu ndi madzi, chifukwa ikadzidzimuka imathamangira kumtsinje osalabada chimene chili panjira. Njovu ya mwana ipatseni njira. Ikatambasula makutu n'kupukusa mutu ndiye yakuchenjezani, bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono osaimba hutala. Zakudya tsekerani m'galimoto, ndipo apusi musawaponyere kanthu. Pusi wozolowera kupatsidwa amayamba kulanda, mapeto ake amaluma mwana.

Tisaiwale kuti mpumulo wa pa Marko 6 uja unadukizidwa. Anthu anathamanga wapansi n'kukafika iwo asanakocheze, ndipo Yesu anawamvera chifundo. Inunso foni ikhoza kulira, mwana akhoza kutentha thupi, ulendo n'kufupika. Musakwiyire amene akufunani.

Lamulungu m'mawa, musanapakire katundu, khalani pamodzi poyang'ana mtsinje, wina awerenge Salmo 104 kuyambira ndime 20 mpaka 24: mdima ukagwa zilombo za m'nkhalango zimatuluka, misona ya mikango imabangula kupempha chakudya kwa Mulungu, dzuwa likatuluka zimakagona m'ngaka zawo, munthu n'kutuluka kupita kuntchito yake mpaka madzulo. Mwana wamng'ono mumupatse mpata atchule nyama imene yamusangalatsa, muiyamikire m'pemphero poitchula dzina. Mukatero nyamukani dzuwa lisanapendeke, kuti msewu wa Zomba kapena wa Balaka muuyende kukuwala, poti madzulo m'mbali mwake mumadzaza njinga ndi anthu ochokera kumisika.