Anapiye a tsiku limodzi ndi kuzizira kwa ku Dedza

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse a kuno ku Bembeke. Nkhani yathu lero ndi ya anapiye opanda make, kaya ndi a Mikolongwe, a nkhuku zanyama kapena zamazira.

Mwanapiye akangoswedwa satha kudzifunditsa yekha kwa masabata awiri oyamba, chifukwa nthenga zenizeni zimakhala zisanamere. Ndiye kuno kwathu, mu June ndi July, mukudziwa nokha mmene kumachera. Choncho buluda, malo ofunditsiramo anapiye, ikonzeke anapiye asanafike. Tengani makatoni kapena hadibodi muzunguze mpanda wotalika masentimita 50 kupita m'mwamba. Ukhale wozungulira, usakhale ndi ngodya, chifukwa anapiye akazizidwa amaunjikana pangodya n'kupondana mpaka kufa. Anapiye 100 akufuna bwalo la mamita 2 kuchoka mbali ina kufika ina. Pansi thirani mankhusu a mpunga kapena zopalapala za matabwa zouma, zokhuthala masentimita 5 mpaka 10, ndipo masiku atatu oyamba yalani nyuzipepala pamwamba kuti asajompe zinyalalazo m'malo mwa chakudya.

Tsopano pamoto, apa mumvetsere. Sabata yoyamba pamafunika madigiri 32 mpaka 35 pamene pali msana wa mwanapiye, kenako muzichotsera madigiri atatu sabata iliyonse. Ambiri timagwiritsa ntchito mbaula kapena mphika wadothi woboolaboola m'mbali. Makala yatsirani panja, afiire, utsi uthe, ndiye mulowetse. Mbaula ikhale pa njerwa pakatikati, mutchinge ndi waya kuti asapse. Mawindo phimbani ndi matumba, koma kumtunda musiye mpata. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha, ndipo m'nyumba yotsekeratu mungapeze anapiye onse ali gone, opanda bala. Amene muli ndi babu ya magetsi, makala akhalebe pafupi, magetsi akazima musasowe pogwira.

Mai akufunsa kuti tilibe choyezera kutentha, titani? Anapiyewo akuuzani. Akaunjikana pamoto n'kumalira mokweza, azizidwa. Akathawira kumpanda, kukamwa kuli yasa, mapiko ali tambasu, moto wachuluka. Akadzazana mbali imodzi, pali mphepo ikulowa penapake, ifufuzeni. Akamwazikana bwalo lonse, ena akudya ena akugona, zili bwino. Mukhozanso kunyamula mmodzi n'kugunditsa timiyendo take pa tsaya lanu. Tikazizira, ndiye kuti pansi sipanafunde.

Anapiye ambiri amafa m'bandakucha, makala aja atasanduka phulusa, mwini wake ali mtulo. Kuthira makala madzulo kokha sikukwanira. Dzukani pakati pausiku, mudzukenso tambala woyamba akalira. Pabanja gawanani maulendowo, asamangodzuka mai okha.

Anapiye akangofika, ayambe amwa madzi ofunda pang'ono osungunuliramo shuga, chakudya cha anapiye chibwere pakapita maola awiri. M'chomwera ikanimo timiyala kuti asagweremo, chifukwa mwanapiye wonyowa sachedwa kufa. Pamene panyowa, kokolanipo muthire zouma. Chinyontho chimabweretsa matenda otsegula m'mimba a magazi. Mukaona zitosi zamatirira kumbuyo, tsukani ndi kansalu konyowetsa m'madzi ofunda, muonenso ngati moto uli wokwanira.

Mpanda muziukulitsa masiku angapo aliwonse. Moto mungauchotse pa masabata anayi, koma nyengo yozizirayi pitirizani usiku mpaka masabata asanu ndi limodzi. Za katemera wa chitopa ndi Gumboro, alangizi a ziweto akamba ine ndikakhala pansi.