Kupempha mankhwala otha moyo: momwe lamulo la ku Oregon limayendera

Amayi ndi abambo, zikomo pobwera. Ambiri mwamvapo kuti kumayiko ena wodwala kwa kayakaya amatha kupempha dokotala mankhwala oti amuthere moyo. Titenge dera limodzi, Oregon ku America, tione bwino momwe zimachitikira.

Anthu a kumeneko anavotera lamuloli mu 1994, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1997. Wopempha akhale wa zaka 18 kapena kuposa, mutu wake ukugwira bwino, ndipo madokotala awiri atsimikize kuti matenda ake ndi osachiritsika moti sangapitirire miyezi 6. Amapempha ndi mwini wake yekha. Mkazi, mwana kapena malume sangamupemphere, ngakhale atamumvera chisoni chotani.

Apemphe pakamwa kawiri, pakati pake padutse masiku 15. Alembenso kalata pamaso pa mboni ziwiri, ndipo imodzi isakhale wachibale kapena woti adzadye chuma chamasiye. Apa anaganiza bwino, poti tonse tikudziwa zomwe chuma chimachita m'mabanja. Kalata ikasainidwa, padutse maola 48 mankhwala asanalembedwe. Kuyambira 2020, masiku odikirawa amatha kuchotsedwa ngati wodwala sangawafike. Dokotala ayenera kumufotokozera za chisamaliro chothetsa ululu, ndipo akaona kuti nkhawa ikumusokoneza maganizo, amutumize kwa katswiri wa matenda a m'mutu. Wodwala angasinthe maganizo nthawi iliyonse. Mankhwalawo amamwa yekha. Dokotala kumubaya jakisoni n'koletsedwa. Ku Canada, komwe analola izi mu 2016, n'kosiyana: dokotala atha kubaya.

Zimavuta pati? Miyezi 6 ija ndi yongoyerekeza, ndipo ena amaipitirira. Ena podikira amafooka mpaka kulephera kumeza, kapena mutu umasokonekera, ndiye kulandira kapena kumwa mankhwalawo kumatha kulephereka. Ena amasanza atamwa. Imfa imatha kubwera m'mphindi zochepa, koma nthawi zina imatenga maola ambiri achibale ali pompo, ndipo ochepa anadzukanso. Mabungwe a anthu olumala ndi mipingo yambiri amatsutsa lamuloli poopa kuti wodwala angapemphe chifukwa chodziona ngati mtolo kwa omusamala. Mantha amenewa si opeka, chifukwa odwala ena amatchuladi zimenezi. Komabe chomwe ambiri amanena si ululu ayi, koma kulephera kudzichitira zinthu okha. Ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse olandira mankhwalawa samwa n'komwe.

Kuno kwathu ku Malawi kuthandiza munthu kudzipha ndi mlandu. Chomwe chilipo ndi chisamaliro chothetsa ululu, monga cha ku Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Ndi Moyo ku Salima. Chonde musasokoneze ziwirizi. Mabanja ena amakana mofini, mankhwala amphamvu othetsa ululu, poganiza kuti adokotala akufuna kumaliza wodwala wawo, munthu n'kumangobuula usiku wonse. Mofini wakumwa amayambidwa pang'ono, amaperekedwa maola 4 alionse osadikira kuti ululu ubwerere, ndipo amawonjezedwa malinga ndi momwe wodwala akumvera. Amadzimbitsa, choncho pemphani mankhwala ofewetsa m'mimba tsiku lomwelo. Wodwala akamagona kwambiri mosadzutsika kapena akamapuma mochedwa, musamupatse wina, itanani anamwino.