Makalata a Omvera: Tsamba loyerekeza katundu, ndalama zake zimachokera kuti?

Moni omvera kulikonse kumene muli. Sabata yatha tinakambirana za achinyamata amene akusaka ndalama pa intaneti, ndipo makalata abwera ankhaninkhani. Lero ndasankhapo atatu amene akufunsa za masamba a pa intaneti oyerekeza katundu ndi mabizinesi.

Yoyamba yachokera ku Ndirande, kwa mnyamata amene wapempha kuti dzina tisatchule. Akuti:

"Zikomo bambo wa pa wailesi. Ine ndimayika masola m'nyumba za anthu. Makasitomala amandifunsa tsiku ndi tsiku kuti batire yolimba ndi iti, inveta yosapsa msanga ndi iti, agule shopu iti. Ndaganiza zotsegula tsamba pa intaneti loyerekeza zinthu zimenezi. Koma ndalama zake zimalowa bwanji? Anzanga akuti Google ndi imene imalipira."

Achimwene, anzanuwo sakunama, kungoti akuuzani kambali kochepa. Google ili ndi pulogalamu yotchedwa AdSense. Imayika zotsatsa malonda pa tsamba lanu n'kumakugawirani kangachepe, koma situmiza ndalamazo mpaka zitakwana madola 100. Komanso otsatsa malonda salipira mofanana: owerenga a ku America amabweretsa zambiri kuposa owerenga a kuno kwathu. Mukadalira njira imeneyi yokha, mudzadikira mpaka kutopa.

Masamba otere amene analemera, analemera ndi komishoni. Ku America kuli tsamba lotchedwa Wirecutter, limene Brian Lam anayambitsa mu 2011. Ntchito yake inali kuyesa katundu n'kuuza anthu kuti gulani ichi, icho chisiyeni. Munthu akadina linki n'kukagula pa Amazon, shopu yaikulu ya pa intaneti, tsambalo limadyapo gawo. Mu 2016 nyuzipepala ya New York Times inaligula pa mtengo wa madola pafupifupi 30 miliyoni. Koma musathamangire kutengera zimenezi. Munthu wa ku Chirimba akafuna batire sapita pa Amazon. Amakwera minibasi kupita ku Limbe, amaigwira ndi manja, amanenerera mtengo, n'kulipira kashi kapena pa Airtel Money kapena Mpamba. Linki singatsate ulendo umenewo. Ndipo ngakhale kunjako komishoni siyodalirika: mu Epulo 2020 Amazon inadula ya mipando ndi katundu wa m'nyumba kuchoka pa 8 kufika pa 3 peresenti, eni masamba n'kutsala kukamwa yasa.

Kuno njira yogwira ndi kupita nokha kwa eni mashopu. Mugwirizane kuti kasitomala aliyense wobwera ndi kodi (nambala yapadera) ya pa tsamba lanu amuchotsereko pang'ono mtengo, inunso akupatseni zanu. Kuchotserako n'kumene kumachititsa kasitomala kukumbukira kutchula kodiyo. Panganolo lilembedwe, chifukwa pakamwa pokha mwezi ukatha munthu amaiwala dala. Ndalama ina, imene mwina simunaiwerengere, ndi ntchito yanu yomweyo: wowerenga akakhutira, amene adzamuitane kukamangira solayo ndi inu.

Chimene muli nacho inu, chimene mnyamata wongokopera zolembedwa pa katoni alibe, n'chakuti mumabwerera ku nyumba zimene munamanga. Mukudziwa batire imene inafa dzinja lisanathe ndi imene ikuyatsabe fuliji. Lembani zimenezo, ndi zithunzi zanu, ndi maola amene inagwira magetsi atazima. Mtengo uliwonse muzilemba tsiku lake, chifukwa tonse tikukumbukira Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya m'mashopu n'kusintha usiku umodzi. Tsambalo likhalenso lopepuka. Munthu wa bandulo ya tsiku limodzi sadikira zithunzi zolemera.

Chomaliza kwa inu: Google musaikhulupirire kwambiri. Itasintha kasanjidwe ka masamba mu 2023 ndi 2024, masamba ang'onoang'ono ambiri anagwa. Lina lotchedwa HouseFresh, loyesa makina oyeretsa mpweya m'nyumba, linalengeza kuti lataya 91 peresenti ya owerenga ochokera ku Google. Choncho aliyense wofika pa tsamba lanu mumukokere ku gulu lanu la WhatsApp.

Kalata yachiwiri yawoloka malire, yachokera ku Johannesburg:

"Ndine mayi wogwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Joni. Mwezi uliwonse ndimatumiza ndalama kwathu ku Mangochi. Ndili ndi kope momwe ndimalemba mareti osinthira ndalama a makampani otumiza ndalama a Mukuru, Mama Money ndi Hello Paisa, ndipo amayi anzanga kutchalitchi sakatumiza asanandifunse. Mwana wanga akuti tiike zimenezi pa intaneti. Kodi kanthu kakang'ono chonchi kangakhale bizinesi?"

Mayi, kuchepa kwakeko ndi kumene kwandisangalatsa. Tsamba lokamba chilichonse, mafoni, nsapato, inshuwalansi, silidziwika ndi kanthu. Lanu likuyankha funso limodzi limene Amalawi ambirimbiri a ku South Africa amafunsa pakutha pa mwezi. Ku Britain, Martin Lewis anayamba tsamba la MoneySavingExpert mu 2003 pongouza anthu kumene angapulumutse ndalama, ndipo mu 2012 analigulitsa ku kampani ya MoneySupermarket pa mgwirizano wofika mapaundi 87 miliyoni. Sindikuti mugula nyumba ku Sandton, dera la olemera ku Joni, ayi. Ndikungoti kope lanulo si masewera.

Poyerekeza musamangoonetsa chindapusa chotumizira. Kampani ina chindapusa chake n'chotsika koma imakudyerani pa reti. Muzilemba chinthu chimodzi chomveka: ndikapereka marandi 1,000 lero, amayi ku Mangochi alandira makwacha angati m'manja, ndipo alandira liti. Vuto lake ndi ntchito, chifukwa mareti amasintha tsiku ndi tsiku, ndipo tebulo la sabata yatha limasocheretsa. Mwana wanuyo akonzeke kudzuka nazo m'mawa uliwonse. Makampani ena otumiza ndalama amapereka kangachepe kwa wowabweretsera kasitomala watsopano; funsani aliyense malamulo ake. Koma ndalama za anthu musazigwire nokha kuti muwatumizire. Imeneyo ndi bizinesi ina, yofuna layisensi.

Yachitatu ndi yaifupi, yachokera ku Salima:

"Ndimalemba za malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja. Ndinalemba kuti pamalo ena madzi sankatuluka m'bafa. Mwini wake wandiimbira kuti andipatsa ndalama mwezi uliwonse ndikachotsa zimenezo n'kumuika pa nambala wani. Sindinapezepo kanthu chiyambire. Ndivomere?"

Bambo, njala ndikuimvetsa, koma musavomere. Mlendo woyamba amene akagone kumeneko chifukwa cha inu, n'kusamba m'ndowa, adzajambula n'kuponya pa Facebook, ndipo dzina loipa lidzakhala lanu. Eni malo ena akamvanso kuti nambala wani imagulidwa, sadzakulipirani kuti muwabweretsere alendo, azingopikisana pokugulani mpaka owerenga atathawa. Maiko ena nkhaniyi yafika m'malamulo: America inaletsa kugula ndi kugulitsa ndemanga zabodza mu 2024, Britain mu 2025. Kunonso bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a malonda osocheretsa ogula.

Ndalama ya mwini malowo mukhoza kuilandira mwanjira ina. Muwagulitse malo otsatsira malonda, olembedwa poyera kuti awa alipira. A MoneySavingExpert ndatchula aja amaika kanyenyezi pa linki iliyonse imene amadyapo, owerenga n'kumadziwa. Za madzizo, auzeni akonze, mukaonenso nokha, ndipo mulembe tsiku limene munapeza atakonza, pansi pa ndemanga yakale ija. Ngati ali ndi mbali yawo, apatseni mpata ayankhe pa tsamba pomwepo.

Nthawi yatithera. Amene munafunsa za msonkho wa MRA pa ndalama za pa intaneti, makalata anu ndawasunga, tidzayamba ndi amenewo sabata yamawa. Tsalani bwino.