Durham pa phazi: mtsinje wa Wear, stottie ndi tsiku la anthu a m'migodi

Moni moni nonse kulikonse komwe mukundimvera, kaya muli mu minibasi ya ku Area 25 kaya muli pa shifiti ya usiku ku Leicester kachingwe kali kukhutu foni ili m'thumba la yunifomu, takulandiraninso. Lero ndikujambula ndili kukhitchini ndiye mukamva ketulo ikulira musadabwe, kunjaku kukuzizira kwambiri.

Sabata yatha kunabwera achemwali anga aakulu ndi alamu kudzandiona, ndiye asananyamuke achemwali anandifunsa pa foni kuti kodi kwanuko kuli chani choti munthu nkuona, si bola tingokumana ku London? Funso limeneli ndalimva kambirimbiri kwa a Malawi anzathu ndipo limandikhudza ndithu, chifukwa ine ndakhala muno mu Durham zaka zitatu tsopano ndikugwira ntchito yosamalira okalamba ndipo kamzinda kano ndimakakonda ndi mtima wonse. Ndiye ndati lero ndikuyendetseni momwe ndinawayendetsera iwowo, kuti tsiku lomwe mudzabwere musadzangokhala pa sofa kuonera TV mpaka kubwerera.

Durham ili kumpoto chakum'mawa kwa England, pa sitima kuchokera ku London King's Cross ndi maola atatu kapena kuchepera pang'ono, kuchokera ku Newcastle ndiye ndi mphindi 15 zokha. Mukamabwera kuchokera kummwera mukhale mbali ya kumanja pafupi ndi windo, chifukwa sitima imalowa mumzinda ili pamwamba pa mlatho wautali wa njanji ndiye mumangoona mwadzidzidzi tchalitchi chachikulu ndi kasolo, nyumba yakale yachitetezo, zili pamwamba pa phiri, nyumba zonse zili mmunsi. Alamu anga omwe sayankhulayankhula anangoti "eee koma". Galimoto isiyeni, pakati pa mzinda amalipiritsa galimoto yolowa kuyambira 2002 ndipo misewu yake ndi yopapatiza, ya miyala. Valani nsapato zafulati, zitunda zilipo.

Chomwe muyenera kumvetsa ndi mtsinje. Dzina lake ndi Wear, amatchula ngati "wiya". Mtsinjewu umabwera nkukhota kuzungulira phiri pafupifupi mbali zonse kungotsala kakhosi kamodzi, ndiye mzinda wakale wonse uli mkati mwa chikhoto chimenecho. Ine wobadwira ku Liwonde ndinazolowera Shire wotakata, wa mvuu ndi ng'ona, ndiye tsiku loyamba ndinauona ngati kamtsinje chabe. Koma chaka changa choyamba chija, nthawi yomwe dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndikaweruka shifiti ya maola 12 mutu uli gwa ndikusowa wolankhula naye Chichewa, ndi mtsinje umenewu unandisunga. Ndinkatsika pa Framwellgate Bridge nkulowa kanjira ka m'mbali mwa madzi, pansi pa mitengo, phokoso la galimoto limatha zii mumangomva madzi akugwa pa kadamu ka chigayo chakale ndi abakha. Ndikafika pa Prebends Bridge, mlatho wamiyala wa 1778, ndinkaima nkuimbira mayi kumudzi. Pamenepo ndi pomwe pali chithunzi chomwe mumachiona pa ma positikhadi, nsanja za tchalitchi zili pamwamba pa mitengo, madzi ali pansi. Achemwali ndinawatengera pompo choyamba ndipo anajambula mpaka batire kutsala pang'ono kutha. Kuzungulira chikhoto chonse mpaka kukatulukira ku Elvet Bridge ndi ola limodzi mukamayenda mwachifatse, simulipira kalikonse. Nyengo yotentha pafupi ndi Elvet Bridge pamakhala mabwato obwereketsa opalasa nokha, komanso mu June kumakhala mpikisano wa mabwato, Durham Regatta, womwe unayamba 1834.

Chenjezo limodzi ndipo apa ndikunena mochokera pansi pa mtima, musayende njira ya kumtsinje usiku makamaka mutamwako, muli malo amdima ndi oterera ndipo pali achinyamata omwe anamira mmenemu zaka zapitazo. Mvula ikagwa yambiri madzi amakweranso mpaka panjira. Masana okha.

Kuchoka kumtsinje mukwere chitunda mufike pa Palace Green, bwalo la kapinga lomwe mbali ina kuli kasolo mbali ina tchalitchi. Kasoloyo anayamba kumanga 1072, ndipo chodabwitsa nchoti mpaka lero mumagona ana asukulu a Durham University, ndiye simungangolowa nokha, mumagula tikiti nkulowa ndi wokuyendetsani pa nthawi yake. Ife sitinalowe, nthawi tinathera ku tchalitchi.

Durham Cathedral anayamba kumanga mu 1093. Taganizani kaye chaka chimenecho. Mukalowa mumapeza mizati ya miyala yonenepa moti anthu atatu simungaizungulire ndi manja, iliyonse yojambulidwa mizere yakeyake, ina yokhotakhota ina ngati ukonde, denga lamiyala lili kumwamba uko. Kulowa ndi ulere koma amapempha chopereka, ndipo perekani ndithu chifukwa nyumba ngati imeneyi kuisamalira si masewera. Pa chitseko chakumpoto pali chogogodera chachitsulo chokhala ndi nkhope ya chilombo, kalekale munthu wopalamula mlandu waukulu akathawira pamenepo nkugwira, ansembe ankamulowetsa nkumusunga masiku 37 osakhudzidwa ndi aliyense. Chomwe chili pachitsekocho pano ndi chofanizira, chenicheni anachisunga mu myuziyamu mkati.

Nkhani ya momwe mzinda unayambira imandisangalatsa chifukwa ikumveka ngati nthano za agogo pamoto. Kunali munthu woyera dzina lake Cuthbert, bishopu wa pa chilumba cha Lindisfarne, anamwalira mu 687. A Viking, achifwamba a panyanja, atavuta, amonke ananyamula bokosi la mtembo wake nkumayendayenda nalo zaka zoposa 100, mpaka mu 995 anafika kuno. Amati bokosi linakana kusuntha, kenaka anamva mayi wina akufunsa mnzake za ng'ombe yake yosowa, mnzakeyo nkuti ili ku Dun Holm, amonke nkutsatira mayiyo mpaka paphiri lino. Ng'ombeyo anaisema pakhoma la tchalitchi panja, muifunefune, ana amakonda kuisaka. Manda a Cuthbert ali mkati kuseri kwa guwa, ndipo kumapeto enawo mu Galilee Chapel muli manda a Bede, mmonke wolemba mbiri yemwe anamwalira 735. Malo onsewa, kasolo ndi tchalitchi, UNESCO inawaika pa mndandanda wake wa malo ofunika padziko lonse mu 1986.

Nsanja yapakati ili ndi masitepe 325 ndipo pamenepo mumalipira. Alamu anakwera, ine ndi achemwali tinakhala pa benchi. Tili pompo ndinawauza chinthu chomwe ineyo ndinachidziwa mochedwa, ife a Anglican amene tinakulira mu mpingo wa UMCA, mishoni imene ija ya Bishopu Mackenzie yemwe anafika ku Magomero mu 1861, inayambitsidwa ndi anthu a ma yunivesite anayi, Oxford, Cambridge, Dublin ndi Durham. Ndiye mukamaganiza za St Peter's ya ku Likoma kapena Malindi, dziwani kuti kamzinda kano kali nawo m'nkhaniyo. Achemwali anangoti phee, kenaka anati tidikire mapemphero a madzulo. Amawatcha Evensong, kwaya imaimba masalimo, aliyense amaloledwa kukhala nawo. Ngakhale si inu a Anglican khalani nawo, mawu aja akamakwera m'denga lamiyala thupi limachita tsembwe.

Tsopano za kudya, poti ndikudziwa ena mwakhala mukudikira pamenepa. Tsikani Saddler Street mufike pa Market Place. Pakona pali msika wamkati, Market Hall, wa m'ma 1850, mumapezeka nyama, nsomba, masamba, tchizi, maswiti, ulusi, chilichonse, umatsegula Lolemba mpaka Loweruka ndipo Loweruka pabwalo panja pamakhalanso ma tebulo a malonda. Chakudya chenicheni cha kuno funsani stottie ya ham ndi pease pudding. Stottie ndi buledi wozungulira, wafulati, wolemera, osati wa mpweya uja wa m'pepala ayi, ukadya theka wakhuta mpaka madzulo. Pease pudding ndiye ndi chipere basi, nsawawa zouma zachikasu zophikidwa mpaka kuphwanyika, nthawi zambiri amaphikira mu msuzi wa nyama ya nkhumba, nkumapaka pa buledi ngati majarini. Achemwali atalawa anati ichi nchipere cha mayi chongosowa tomato ndi anyezi, ndipo zoona ndi momwemo. Amene simudya nkhumba mufunse kaye asanakupatseni, mutha kutenga ya tchizi.

Mukafuna chachangu chotchipa pali shopu ya Greggs, ndipo anthu akuno amainyadira poti inayambira ku Newcastle konkuno, sausage roll yotentha ndi tiyi mwathana nazo. Fish and chips ilipo paliponse, muuze akuthirireni mchere ndi viniga ndipo mudye ikadali yamoto, ikazizira ndi ina nkhani. Lamlungu masana lowani mu pabu iliyonse yooneka yakale muitanitse Sunday roast, nyama yootcha mu uvuni, mbatatesi, masamba, Yorkshire pudding ndi msuzi wambiri. Ndikudziwa ena kwathu mukamva pabu mumaganiza za bala, ayi, masana kumakhala mabanja ndi ana ndi agogo awo, palibe adzakuyang'anani mukaitanitsa juwisi. Komanso muziyang'ana timipata tating'ono pakati pa nyumba, akuno amati vennels, mukalowa mumakapeza tima cafe tobisika ta makeke ndi sikono zazikulu ngati chibakera.

Nsima musaiyembekezere mu lesitilanti muno. Ufa ine ndimakagula ku mashopu a zakudya za ku Africa ku Newcastle kapena ku Sunderland, pamodzi ndi tilapia ya mufiriji, masamba ndimagwiritsa spring greens kapena kale m'malo mwa mpiru, ndikathira nsinjiro zimayandikira ndithu. Alendo anga usiku umenewo anadya zimenezo kunyumba kwanga, masana stottie usiku nsima, ndipo ndi mmene ndingakulangizireni nanunso.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna mudzachione ndi maso anu, ndipo ndi chifukwa chake ndawauza achemwali kuti abwerenso mu July. Dera lino linali la migodi ya malasha. Pafupifupi gogo aliyense wamwamuna yemwe ndamusamalirapo anagwirako mumgodi kapena bambo ake anagwirako. Pali agogo ena kuntchito kwathu, chifuwa chawo chimalira ngati mluzu, amanditcha "marra", mawu a anthu a m'migodi otanthauza mnzako amene umagwira naye ntchito pansi pa nthaka, amene moyo wako uli m'manja mwake. Tsiku loyamba kunditcha choncho ndinakalira ku bafa, chifukwa agogo anga aamuna anapita ku Joni pa Wenela, anabwerako ndi sutikesi, wailesi ndi chifuwa chomwechomwecho, ndipo anasiya kupita pomwe a Kamuzu analetsa ulendowu mu 1974 ndege ya anthu a m'migodi itagwa ku Francistown. Ndinawafotokozera agogo akunowa nkhani imeneyi, anandigwira dzanja nthawi yaitali osayankhula.

Migodi kuno inatha, kunali sitalaka yaikulu ya 1984 mpaka 1985 ndipo yomaliza ngati wa ku Easington inatsekedwa mu 1993. Koma Loweruka lachiwiri la July chaka chilichonse kumachitika Durham Miners' Gala, akuno amangoti Big Meeting, inayamba 1871. Mudzi uliwonse womwe unali ndi mgodi umabwera ndi chinsalu chake chachikulu chojambulidwa, amuna angapo atachinyamula pa mitengo, kutsogolo kuli bandi ya malipenga ndi ng'oma, kumbuyo agogo pa wilutcheya, ana pamapewa, mzinda wonse kudzaza thothotho. Amatsika kudutsa Old Elvet, bandi iliyonse imaima pansi pa khonde la County Hotel nkuimba nyimbo imodzi, kenaka onse kukathera ku bwalo la Racecourse m'mbali mwa mtsinje komwe kumakhala zolankhula ndi zakudya. Masana zinsalu zatsopano amalowa nazo mu tchalitchi muja kukadalitsidwa, malipenga akulira mkati. Ine ndikawaona ndimakumbuka malipenga a ku Nkhata Bay ndi mganda, mayendedwe aja onyadira, amuna atavala bwino akuguba. Pa Market Place pomwe amadutsapo pali chifanizo cha munthu ali pa hatchi, Marquess of Londonderry, mwini migodi yemwe anathamangitsa mabanja m'nyumba pa sitalaka ya 1844, ndipo zidzukulu za anthu omwewo zimadutsa pansi pake ndi ng'oma chaka ndi chaka.

Mukafuna kubwera tsiku limenelo gulani tikiti ya sitima msanga ndipo malo ogona musakire ku Newcastle poti muno amadzaza miyezi isanakwane, mufike m'mawa 9 koloko isanakwane kuti mupeze poima pa Elvet Bridge, mutenge jekete la mvula ngakhale kutacha bwino. Mukatopa ndi chikhamu kwerani ku Wharton Park kuseri kwa siteshoni, pali mabenchi poonera mzinda wonse podikira sitima. Amene mukubwera ndilembereni uthenga mundiuze muli angati, ufa ndikagule wokwanira. Ketulo yawira, ndikamwe tiyi ndikonzeke shifiti ya mawa, tionana sabata ya mawa, khalani bwino nonse.