Nyumba ya miyala ija tisaigumule

A Gulupu, mafumu athu, amayi ndi abambo, zikomo pondipatsa mpata.

Nkhani yanga ndi ya nyumba ya miyala ija ili kumtunda kwa madimba, imene timangoti ya mzungu wa thonje. Ena ayamba kuzula miyala yake kukamangira makola a mbuzi, ndipo ine zikundiwawa mumtima. Inde, munda unali wa mzungu, nthawi imene Nsanje ankati Port Herald, njanji yochokera kumeneko itangofika ku Blantyre mu 1908. Koma kuno kuchigwa mwala sutoleka pakhomo. Anaisenza ndani miyala ija kuchokera kuphiri? Anaisema ndani? Agogo athu. Thukuta lili m'makoma aja ndi lathu.

Kalowenimo masana mu Novembala, dzuwa likuswa mtengo, kutentha kutapitirira madigiri 40. Mupeza muli zii. Khoma lake n'lochindikala pafupifupi mkono wathunthu, ndiye kutentha kumachedwa kulowa. Khonde linazungulira nyumba yonse kuti dzuwa lisamenye khoma. Mawindo anayang'anizana kuti mphepo izidutsa, denga n'lalitali kuti mpweya wotentha uzikwera m'mwamba. Ife lero timakhoma malata pafupi ndi mutu, usiku n'kumagona panja.

Onaninso masitepe apakhomo aja. Amisiri aja ankaudziwa mtsinje wa Shire, n'chifukwa chake anasankha pokwera, maziko n'kuwakwezanso. Amene tinaona madzi a 2015 ndi a Freddy mu 2023, apa sindikufunika kutalikitsa.

Tsopano amisiri athu mumvetsere. Miyala ija anailumikiza ndi laimu wosakaniza ndi mchenga, osati simenti. Laimu amalola chinyezi kutuluka. Dothi lathu lino mukulidziwa, lili ndi mchere. Mukamata simenti, chinyezi chamcherecho chimatsekeredwa mkati, n'kumadya khoma pang'onopang'ono. Pong'ambika matani ndi laimu basi.

Dziko lathu lili ndi lamulo la 1990 loteteza zinthu zakale, ndiye ndikupempha a Gulupu kuti tilembere kalata a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale adzaione. Koma kachere wamera pakhoma lakumvuma uja sadikira kalata, mizu yake yalowa kale pakati pa miyala. Anyamata, Loweruka m'mawa mubwere ndi zikwanje. Mudule pamwamba pokha, osazula, mungagwetse khoma.