Mawu a m'mawa: "Ndidzuka liti kuti ndikamwenso?"

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye, a ku Ulongwe, Domwe, Tsangano, Furancungo, Zobwe, komanso inu muli pa ntchito ku Moatize ndi mu Tete mutawuni. Lero tiwerenge Miyambo 23:29-35, ndipo chonde muwerenge mpaka vesi 35, musathere pa maso ofiira aja.

Pa vesi lomalizalo akuyankhula ndi munthu woledzera mwini wake. Akuti anandimenya koma sindinamve kuwawa, ndidzuka liti kuti ndikafunenso wina. Taganizani, munthu wamenyedwa, ali ndi mabala osadziwa kuti anawatenga kuti, koma chinthu choyamba chomubwerera m'mutu ndi botolo lomwe lija. Ameneyu sakusangalala ayi. Chisangalalo chinatha kalekale, pano akungothawa ululu.

Tonse timamudziwa bambo ameneyu. 6 koloko m'mawa ali kale pakhomo pa mayi wotcheza kachasu, kapena pa baraka, pamalo pogulitsira mowa, asanatsegule n'komwe, manja akunjenjemera moti kapu akuigwira ndi manja awiri, thukuta pamphumi chonsecho kunja kuli chisanu cha ku Angónia chija cha mu Juni. Akuti akuchotsa matsire. Akangomeza pang'ono manja aja amakhazikika, nkhope imabwerera, nde ife timati onani chidakwa chopanda manyazi. Koma chimene taona apo ndi thupi loti linasintha.

Mulungu anaika mu ubongo wathu kanthu kena, madokotala amati dopamine, kamene kamatipangitsa kufunanso chinthu chimene chatikomera, kaya chakudya, kaya kucheza ndi abale. Mowa, fodya, suruma kapena titi chamba, ndi mankhwala ena ozunguza bongo aja amakatulutsa kambirimbiri pakamodzi. Ubongo poona kuti zachuluka umayamba kudzichepetsera wokha, nde amene ankaledzera ndi kabotolo kamodzi pano akufuna tiwiri titatu kuti afike pomwe paja, ndipo zinthu zimene kale zinkamukomera, mpira, kwaya, kuseka ndi ana ake, sizimukomanso. Zili ngati katapila, umabwereka chimwemwe cha usiku umodzi, pobweza ubweza ndi chiwongoladzanja, kenako umabwerekanso kuti ubweze ngongole yoyamba ija. Akapanda kumwa thupi limalusa, kunjenjemera, nseru, kusowa tulo, mtima kuthamanga. A fodya amachidziwa chibaba, munthu mpaka kuyenda usiku kufuna ndudu imodzi. Petro anati chimene chamugonjetsa munthu, munthuyo amakhala kapolo wake (2 Petro 2:19), ndipo kapolo sangouzidwa kuti "siya" basi n'kumasuka.

Nanga amayamba bwanji? Palibe amene amadzuka n'kunena kuti ine ndikufuna ndidzakhale chidakwa. Wina anayamba ali mwana akutumidwa kukagula, n'kumalawa m'njira. Wina anzake a pa kabaza anamuuza kuti suruma imapatsa mphamvu. Wina anamaliza sukulu ntchito kulibe, tsiku ndi lalitali, ndipo timabotolo totchipa tija mtengo wake sufika n'komwe pa mbale ya nsima ya pamsika. Wina ndi maliro amene sanawalire bwino, wina anakula akuona mayi ake akumenyedwa ndipo palibe anamufunsapo kuti mtima uli bwanji. Zina zimayendanso m'magazi, mabanja ena sachedwa kukodwa. Nde pali ija ya nyengo yogulitsa fodya ndi mbatata, ndalama yachaka chonse yabwera pakamodzi, bambo wapita ku Ulongwe kukagula malata, wabwerako patatha sabata, malata kulibe, njinga kulibe. Za ana ndiye zimandiwawa kwambiri, chifukwa ubongo umapitiriza kukula mpaka zaka 25 kapena chapamenepo, nde woyamba ali ndi zaka 13 kapena 14 amakodwa msanga kuposa wamkulu. Makolo, kutuma mwana kukagula kachasu tisiye, olo mutati ndi pafupi.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mu 2019 mokha anthu 2.6 miliyoni anafa chifukwa cha mowa padziko lonse. Kuno ku Mozambique lamulo loletsa mankhwala ozunguza bongo lilipo kuyambira 1997, apolisi amagwira ndithu, koma selo imatsekera munthu, chibaba chija amalowa nacho n'kutulukanso nacho.

Tsono apa ndiyankhule ndi ife a mpingo, mundikhululukire ndinena mosabisa. Timafulumira kudula munthu, timachedwa kumuyendera. Ena timangoti ndi ziwanda, tamupempherera Lamulungu, Lachitatu tamuona pa baraka, basi tati alibe chikhulupiriro. Inde mdani alipo, ndipo kuledzera ndi tchimo, Baibulo silibisa. Koma Paulo yemwe uja analemba pa Aroma 7 kuti chabwino chimene ndikufuna sindichita, choipa chimene sindikufuna ndicho ndichita. Ngati mtumwi anafika polira choncho, nanga mnyamata wa pa Zobwe amene analumbira kuti wasiya, kenako n'kugwanso? Kugwanso kumachitika kwa ambiri amene akusiya, sikuti ndiye kuti zonse zapita m'madzi. Agalatiya 6:1-2 akuti wogwidwa m'cholakwa mum'bweze mofatsa, mukudziyang'anira nokha, ndipo munyamulirane zothodwetsa. Paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chinthu china chofunika kwambiri, ndipo ichi mugawireko ena. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse, uja wonjenjemera m'mawa, musamutsekere m'nyumba kuti asiye lero lomwe, olo kum'tengera kuphiri kukasala kudya. Pamasiku 2 kapena 3 oyambawo akhoza kugwa ngati wakhunyu, kuona zinthu zoti kulibe, ena amafa kumene. Mupite naye kuchipatala, mufunse a zaumoyo wa maganizo, mankhwala othandiza kuti thupi litsike pang'onopang'ono alipo. Pemphero ndi chipatala sizilimbana abale. Akabwerako musamusiye yekha madzulo, nthawi ija ankapitira ku baraka, mutengeni kudimba, ku mpira, ku mapemphero a m'mudzi, ndipo ndalama zake kwa kanthawi asunge wina amene iye mwini wamusankha.

Iwe m'bale wanga amene ukuwerenga izi mutu ukuwawa, lero uuze munthu mmodzi zoona zake, kaya abusa, kaya amalume ako, kaya nesi.

Tipemphere. Atate, tikubweretsa kwa inu onse adzuka lero manja akunjenjemera, amayi amene anagona osadya chifukwa ndalama ya ufa inathera ku mowa, ndi ana amene ayamba kulawa mobisa. Mwana wanu anati amene Iye wam'masula adzakhala mfulu ndithu, amasuleni Ambuye. Ifenso mutipatse miyendo yoti tiwayendere. M'dzina la Yesu, Ameni.

Muswere bwino nonse.