Ulendo wa ku Joni uli wekha: mvera bwino mwana wanga

Mwana wanga, ndine mayi ako aang'ono. Ndati ndijambule mawu chifukwa kulemba sindingamalize, ndiye umvere mpaka kumapeto. Amayi ako andiuza kuti tikiti wagula kale, unyamuka Lachisanu pa Wenela kukaona achemwali ako patchuthichi. Njira imeneyi ndaiyenda kambirimbiri ndili ndekha. Siyoopsa ayi, koma imafuna munthu wamaso.

Tiyambe ndi pasipoti. Isalowe m'chikwama chachikulu chimene amaponya kunsi kwa basi chija, ayi ndithu. Ikhale pathupi pako, m'kachikwama kapakhosi, juzi pamwamba. Ukaitulutsa kasanu ndi kamodzi: pa Mwanza, pa Zobue polowa Mozambique, pa Cuchamano potuluka, pa Nyamapanda polowa Zimbabwe, kenako pa Beitbridge mbali zonse ziwiri. Paliponse ukatsike wekha, ukaime pamzere wekha. Wina akakuuza kuti "bweretsani mayi ndikudinditsireni msanga", umuyankhe kuti zikomo, ndidikira. Ndipo tsamba lili ndi nkhope yako lija ulijambule lero, unditumizire pa WhatsApp.

Tsono apa ndiye utchere khutu. Akakudindira ku mbali ya South Africa, usachoke pawindo usanawerenge chidindocho. Ife a Malawi timaloledwa kukacheza masiku 30 popanda viza, koma chogwira ntchito ndi tsiku limene alemba m'pasipoti mwakomo. Uliwerenge, ulilembe papepala. Ukapitiriza masiku, potuluka amakuletsa kulowanso m'dzikomo kwa nthawi. Mtsikana ngati iwe, sukulu ikadali patsogolo, usaipitse pasipoti yako chifukwa cha tsiku limodzi.

Za katundu wa anthu ndikukaniza kwamtuwagalu. Pa depoti adzabwera munthu waulemu wake, mwina mayi wamsinkhu wanga, "mwanawe, kaphukusi aka ukapatse mchimwene wanga pa depoti ya Park Station ku Joni". Ukane. Chimene sunamange wekha sukuchidziwa, ndipo akachitsegula pabodala mwini wake ndiwe.

Ndalama uzigawe patatu: zina m'kachikwama kaja, zina umange pa nsonga ya chitenje, zochepa m'thumba zolipirira kuchimbudzi ndi kugula madzi. Marandi usinthiretu ku Blantyre konkuno. Ine chaka china ndinasinthitsa kwa mnyamata wina panjira. Anawerenga pamaso panga, zala zikuthamanga ngati akusenda nyemba, ndikafika pampando ndikupeza pakati anapindapo timapepala tating'ono. Ndinalira chamumtima mpaka Harare.

Kamba utenge wouma: mtedza wokazinga, chigumu, mabisiketi. Nkhuku yokazinga udye tsiku loyamba lomwelo, chifukwa ku Tete kumatentha zoti chakudya chimasasa msanga. Mukamawoloka mlatho wa Zambezi uyang'ane pawindo, madzi ake ndi osaiwalika. Madzi akumwa botolo lalikulu, koma uzimwa pang'onopang'ono. Chakumwa chotsegula kale cha munthu wosamudziwa usalandire, ngakhale akuseke kuti ndiwe wamatama. Kabulangete usasiye. Usiku kumazizira, ndipo pa Beitbridge mutha kukhala maola ambiri, zikwama zonse zili pansi.

Mukangonyamuka, ujambule nambala ya basi, chifukwa pabodala mabasi amaima ambiri ofanana. Upezenso mayi mmodzi wachikulire, umupatse moni, umugawireko mtedza. Ameneyo ndiye adzakuwa kuti "dikirani, mwana uja sanakwere" dalaivala akaliza injini. Koma za kumene ukupita ndi ndalama zimene watenga, sunga mumtima.

Foni uitchaje yodzaza, pawabanki nayonso. Nambala ya achemwali ako ndi adiresi yawo ulembe ndi bolopeni papepala, uike m'pasipoti. Pabodala atha kukufunsa kumene ukafikire, ndipo foni imatha moto nthawi imene ukuifunitsitsa.

Ukafika pa Park Station usatuluke panja kukawafunafuna. Khala mkati, chikwama pakati pa miyendo. Ngati foni yako sikugwira, upemphe mayi uja akubwereke yake. Anyamata ofuna kukunyamulira katundu uwakane mwaulemu, maso ali pachikwama. Achemwali ako ndawauza kale kuti akafike basi isanalowe.

Lachinayi madzulo ndibwera ndi kachikwama kapakhosi kanga, ukagwiritse ntchito. Ndipo pa Mwanza undiimbire netiweki isanathe, wamva?